Tikupita kumathithi ndi ku akasupe otentha tsiku limodzi, koma sindidziwa kusambira: ndipite?

Funso: Ndili kunja kumene ndikuphunzira pa yunivesite ina, ndipo ino ndi temu yanga yoyamba. Anzanga a m'kalasi akonza ulendo wa tsiku limodzi: m'mawa kukaona mathithi, masana kukaviika thupi m'akasupe a madzi otentha, madzulo n'kubwerera. Ine mwana wamkazi sindidziwa kusambira, ndipo madzi otuluka pansi ali otentha sindinawalowepo chibadwire. Mtima ukufuna koma ndikuopa. Kodi ndipite? Ngati ndingapite, ndikasamale ndi chiyani?

Yankho:

Pitani, achemwali. Kusadziwa kusambira sikukuletsani kuona mathithi, chifukwa mathithi amaonedwa munthu ataima pamtunda. Sikukuletsaninso kulowa m'dziwe la madzi otentha limene linakonzedwa kuti anthu azisambamo, chifukwa m'maiwe ambiri otere madzi amalekeza m'chiuno kapena m'chifuwa, ndipo anthu amangokhala pansi n'kumacheza. Ine ndimaphunzitsa za miyala ndi madzi a pansi pa nthaka, ndipo ndikamaperekeza ophunzira kumalo ngati amenewa, amene amandisowetsa mtendere si oopa madzi ngati inu ayi. Ndi odziwa kusambira aja, amene dziwe lililonse amaliona ngati n'lofanana ndi limene anaphunziriramo. Mantha anuwo ndi abwino. Chimene chatsala n'chakuti mudziwe choyenera kuopa.

Muwauze anzanu musananyamuke kuti simudziwa kusambira. Musadikire kukanena muli kale m'mphepete mwa madzi, wina atakugwirani dzanja akuti "tiyeni, si pakuya apa". Kukankhirana m'madzi ndi masewera amene achinyamata amachita kulikonse, ndipo wokankhayo amangoganiza kuti aliyense amasambira. Nenani muli m'galimoto, aliyense akumva, kenako musankhe mnzanu mmodzi woti muziyang'anirana tsiku lonse. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Funsaninso kuti wakonza ulendowu ndani. Ngati ndi ofesi ya pa yunivesite yoona za ophunzira ochokera kunja, kapena kampani yonyamula alendo, ndiye kuti zambiri zinaganiziridwa kale. Koma ngati ndi anzanu amene angopangana kubwereka galimoto kapena kukwera basi, pali mafunso amene wina ayenera kufunsa, ndipo wofunsayo mukhale inu. Basi kapena sitima yomaliza yobwerera imanyamuka nthawi yanji? Nanga dzuwa likulowa nthawi yanji? Funso lachiwirili si laling'ono kumayiko a kumpoto kwenikweni: ku Reykjavik, likulu la Iceland, m'mwezi wa Disembala kumawala kwa maola anayi okha kapena kupitirirako pang'ono. Mtundanso umanyenga pamapu. Ophunzira a ku Tokyo amakonda kupita ku Nikko, ulendo wa pafupifupi maola awiri pa sitima, kenako basi ikwere msewu wokhotakhota wa Irohazaka kuti akaone mathithi a Kegon, otalika mamita 97, ndipo akasupe a Yumoto ali patsogolo m'mapiri momwemo. Zimatheka tsiku limodzi, koma kwa amene wadzuka mbandakucha.

Ngati mathithiwo ali m'malire a mayiko, monga Niagara pakati pa Canada ndi United States kapena Iguazú pakati pa Argentina ndi Brazil, fufuzani bwino za viza yanu. Anzanu ena, malinga ndi mapasipoti awo, akhoza kuoloka mlatho bwinobwino inu n'kutsala, chifukwa viza ya sukulu ya dziko limodzi sitsegula khomo la dziko linalo. Werenganinso pepala la inshulansi yanu, poti zambiri za inshulansi za apaulendo sizilipira munthu akavulala ataledzera kapena atalowa dala malo oletsedwa. Nambala yoitanira thandizo muisunge pamtima: 112 m'mayiko a European Union ndi ku Iceland, 911 ku United States ndi Canada, 119 ku Japan, 111 ku New Zealand.

Anzanu achita bwino kuika mathithi m'mawa, akasupe masana. Musalole kuti atembenuze. Munthu akachoka m'madzi otentha miyendo imakhala yolefuka, mutu wopepuka, ndipo imeneyo si miyendo yokwera nayo masitepe onyowa m'mbali mwa phompho. Kumathithi a La Fortuna ku Costa Rica munthu amatsika masitepe pafupifupi 500, n'kuwakweranso pobwerera.

Tsono nkhani ya mathithi. Thanthwe la pafupi ndi mathithi siliuma. Madzi owazika amaligwera usana ndi usiku, ndipo pamamera ndere, zina zobiriwira, zina zakuda zopyapyala moti mwala umangooneka ngati wanyowa chabe. Mukapondapo phazi limachoka lokha, osakuchenjezani. Malo oopsa kuposa onse ndi pamwamba pa mathithi, pamene mtsinje usanagwe. Madzi ake amaoneka odekha, osaya, olekeza m'akakolo, ndipo munthu amati ndingooloka ndikaime pamwala uwo. Koma thanthwe la pamenepo madzi analisalaza kwa zaka zikwizikwi, n'lotsetserekera kuphompho, ndipo mukagwa palibe chogwira. Pamwamba pa mathithi musapondepo madzi, ngakhale ataphwa chotani. Valani nsapato zomanga zingwe, za labala wa mano kunsi kwake. Mapatapata akhale m'chikwama, ntchito yake ikubwera masana. Ngati muli kudziko lozizira, madzi owazika aja amaundana panjira n'kusanduka galasi, n'chifukwa chake ku Gullfoss ku Iceland njira ya m'munsi yopita pafupi ndi mathithi amaitseka nthawi yozizira. Chingwe chotchinga njira sichiikidwa pofuna kukumanani malo abwino ojambulira.

Za kujambulazo ndinenepo. Kafukufuku wina amene anasindikizidwa mu 2018 anawerenga anthu 259 amene anafa akudzijambula okha ndi foni pakati pa Okutobala 2011 ndi Novembala 2017, ndipo chimene chinapha anthu ambiri kuposa china chilichonse kunali kumira m'madzi. Chimene chimachitika n'chosavuta kumva. Kuti mathithi aoneke kumbuyo kwanu muyenera kuwafulatira, ndipo kuti akwane pachithunzi mumabwerera chambuyo pang'onopang'ono maso ali pafoni. Mupatseni foni mnzanu akujambuleni, inu mapazi onse awiri ali mkati mwa mpanda.

Anzanu odziwa kusambira adzafuna kulowa m'dziwe la pansi pa mathithi, ndipo apa ndikupemphani kuti muwafotokozere zimene ndikuuzenizi. Madzi oyera a thovu aja ndi osakanikirana ndi mpweya, choncho ndi opepuka, sanyamula thupi la munthu monga madzi ena onse. Katswiri wosambira amapalasa koma thupi limangotsika. Kuwonjezera apo, madzi akagwa amalowa pansi n'kutulukira patsogolo, kenako pamwamba amabwereranso kumene akugwera kuja, moti amene walowa m'kati mwa chizungulirocho amabwezedwa pansi pa mathithi mobwerezabwereza. Pansi pake pamakhala miyala ndi zipika zimene madzi osefukira anasiya, zosaoneka munthu ali pamwamba, ndipo dziwe limene anthu ankadumphiramo chaka chatha likhoza kukhala ndi chipika chaka chino.

Palinso kuzizira. Madzi a m'mapiri amakhala ozizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Munthu akagwera mwadzidzidzi m'madzi osafika madigiri 15, thupi limakoka mpweya lokha mwamphamvu, iye osafuna, ndipo kupuma kumathamanga kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Mutu ukakhala m'madzi panthawi imeneyo, amakoka madzi m'malo mwa mpweya. Ngati mwatsoka mwagweramo, musaphiriphithe. Gonani chagada, makutu m'madzi, chibwano m'mwamba, manja ndi miyendo zotambasula, mudikire kupuma kukhazikike, kenako muitane. Wosadziwa kusambira naye amatha kuyandama motere. Akagwera mnzanu, inu musadumphiremo. Gonani chafufumimba pamtunda mumupatse mtengo wautali, kapena mumuponyere chilichonse choyandama, wina akuimba foni.

Mtsinje ukhoza kudzaza inu osaona ndi dontho lomwe la mvula, chifukwa mvula yagwa kumtunda, kuseri kwa phiri. Mu Ogasiti 2018 anthu khumi anafa m'chigwembe cha Raganello kum'mwera kwa Italy madzi atabwera mwadzidzidzi chotere. Mukaona madzi oyera akusanduka a matope, masamba ndi timitengo tikuyandama tambiri, kapena mkokomo ukukula, kwerani kumtunda nthawi yomweyo, katundu asiyeni. Mitsinje ina imadzazidwa ndi anthu. Ku New Zealand, kumunsi kwa mathithi a Huka pamtsinje wa Waikato, kuli damu la Aratiatia limene zitseko zake zimatsegulidwa kangapo patsiku, masayirini atalira. Zikakhala zotseka m'chigwembemo mumatsala maiwe abata okopa kusambamo, ndipo mu 2017 mtsikana wina anakokoloka n'kufa madzi atatsegulidwa. Chikwangwani cholembedwa m'chinenero chimene simunachidziwe bwino musachidutse. Chijambuleni ndi foni ikumasulireni, kapena funsani mnzanu wa konko.

Sindikufuna kuti mukafike kumathithi mutu uli wodzaza ndi maliro okhaokha. Mukaima pamalo otetezeka, ikani foni m'thumba kwa kanthawi, muyang'ane. Mkokomo wake umamveka m'chifuwa musanaumve bwino m'makutu. Ku Gullfoss mtsinje wa Hvítá umagwa kawiri, mamita 11 kenako mamita 21, n'kulowa m'mng'alu wopapatiza moti mukaima chapatali mumaona ngati nthaka yaumeza. Ku Huka mtsinje wotambalala mamita pafupifupi 100 umapanikizidwa m'mpata wa mamita 15, ndipo malita oposa 200,000 amadutsapo pasekondi iliyonse. Dzuwa likakhala kumbuyo kwanu mudzaona utawaleza m'madzi owazikawo. Yang'ananinso khoma la thanthwe. Kawirikawiri pamwamba pamakhala mwala wolimba, pansi pake wofewa. Madzi amadya wofewawo, wolimbawo n'kutsala ukulendewera mpaka kuthyoka, ndipo mathithi amasunthira kumbuyo. Niagara yabwerera chambuyo makilomita pafupifupi 11 m'zaka pafupifupi 12,000. Chigwembe chimene mudzaone kumunsi kwa mathithi ndi njira imene mathithiwo ayenda.

Tsopano akasupe otentha, kumene ndikufuna nditayepo nthawi chifukwa ndi kumene simunafikeko.

Madzi amenewa ndi mvula yomwe ija. Imalowa m'ming'alu ya miyala n'kutsika pansi, ndipo pansi pa nthaka kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Akatentha amapepuka, n'kupeza mng'alu wina wokwerera kumtunda. Kumene kuli mapiri ophulika, monga ku Iceland, Japan, New Zealand ndi Costa Rica, chiphala chamoto chili pafupi, choncho madzi safunika kutsika kwambiri kuti awire. Kasupe wa Deildartunguhver ku Iceland amatulutsa malita 180 pasekondi ali pa madigiri 97. Madzi oyenera thupi la munthu ndi a madigiri 37 mpaka 40, ndipo a madigiri 60 amasupula khungu m'masekondi ochepa chabe. Vuto lake n'lakuti diso silisiyanitsa. Kunja kukazizira, madzi a madigiri 40 ndi a madigiri 80 onse amafuka nthunzi. Madzi otentha kwambiri sachita kuwira nthawi zonse, ndipo dziwe labata, loyera mbee mpaka pansi, lobiriwira ngati thambo, nthawi zambiri ndi limene lili lotenthetsa, poti palibe chamoyo chooneka chimene chikukhalamo. Maiwe awiri oyandikana akhoza kusiyana kwambiri chifukwa aliyense ali ndi mng'alu wake.

Mitundu yachikasu ndi yofiirira imene mudzaone m'mphepete mwa maiwe otere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokonda kutentha, tokhala mounjikana kumene madzi apolako. Mu 1966 wasayansi Thomas Brock anapeza kamodzi mwa ito ku Yellowstone, paki ya ku United States, kotchedwa Thermus aquaticus, ndipo m'kachilombo kameneka ndi mmene munachokera chinthu chimene chinapeputsa njira yopimira ya PCR, imene dziko lonse linaimva nthawi ya Covid-19. Ndimakonda kuwauza ophunzira nkhani imeneyi ataima pafupi ndi dziwe, kuti aone kuti utoto umene akufuna kuponda kapena kukanda ndi ndodo ndi zamoyo.

Lamulo langa ndi limodzi ndipo sindilisintha: lowani pokhapo pamene eni malo analemba kuti anthu azisambapo, ndipo poyenda tsatani njira ya matabwa. Ku Yellowstone, malo amene ali ndi akasupe, maenje a matope owira ndi mabowo a nthunzi oposa 10,000, anthu oposa 20 afa ndi kupsa chitsegulireni malowa mu 1872. Nthaka yoyera ya pakati pa maiwe imaoneka youma ndi yolimba, koma malo ena ndi yopyapyala ngati chigoba cha dzira, pansi pake pali madzi owira. Mu 2016 mnyamata wina anachoka panjira ya matabwa kudera la Norris n'kuterereka kugwera m'dziwe la madzi owira okhala ndi asidi, ndipo thupi lake silinathe kuvuulidwa. Choncho mnzanu akanena kuti akudziwa kadziwe kena kobisika kumene sikufika anthu, inu mukane, ndipo mumukanize.

Ilipo mitsinje yotentha ya kutchire imene anthu amaloledwa kusambamo, monga Reykjadalur ku Iceland, kumene munthu amayenda makilomita pafupifupi atatu kukwera chigwa asanafike posambira, kapena kamtsinje ka Otumuheke pafupi ndi Taupo ku New Zealand. Kumalo otere kutentha kumasintha mukasuntha mapazi ochepa. Khalani pamene pakhala anthu ena, yesani kaye ndi dzanja, lowani pang'onopang'ono, ndipo musakwirire mapazi mumchenga kapena m'matope a pansi chifukwa ndi mmene madzi otentha amatulukira. Kwa inu makamaka: Otumuheke amathira mumtsinje wa Waikato, wozizira, wakuya ndiponso wothamanga. Kamtsinje kotentha kakamathira mumtsinje waukulu, inu khalani m'kamtsinjeko, kutali ndi pokumanirana.

Mudzamva fungo la mazira ovunda. Ndi mpweya wa sulufule, ndipo pabwalo pamene mphepo ikuwomba suvuta. Koma ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho umakhazikika m'maenje, m'mapanga ndi m'zigwa zopanda mphepo, ndipo ukachuluka umapha mphuno, fungo n'kuleka kumveka pomwe ngozi yakula. Mu Disembala 2005 anthu anayi a banja limodzi anafa pafupi ndi akasupe a Doroyu ku Akita, ku Japan, ndi mpweya umenewu umene unadzazana m'dzenje la m'chipale chofewa. Mutu ukayamba kupweteka, maso kuyabwa kapena mseru, chokani mukwere pamtunda pamene pali mphepo. Mnzanu akakomoka m'dzenje, musatsikiremo.

Mutu wanu usalowe m'madzi. Ichi chikuthandizani pawiri: kupewa kumira komanso kupewa matenda. M'madzi ofunda opanda mchere mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri, kamene kamalowera m'mphuno n'kukafika ku ubongo. Matenda ake ndi osowa kwambiri, anthu mamiliyoni amasamba osawatenga, koma mwa anthu 100 amene awatenga oposa 97 amafa. Sikalowera pakhungu kapena pomeza madzi, njira yake ndi mphuno yokha. N'chifukwa chake ku New Zealand mudzapeza zikwangwani pa akasupe zokuuzani kuti mutu ukhale pamwamba. Musadumphiremo, musabire, musawazane madzi kumaso.

Ngozi yeniyeni kwa inu m'dziwe losaya ndi kukomoka. Madzi otentha amatanula mitsempha ya pakhungu, magazi amathamangira kumeneko, ndipo mphamvu ya kayendedwe ka magazi imatsika. Mukadzuka mwachangu magazi sachedwa kuchepa kumutu, maso amachita mdima, miyendo n'kupinda. Munthu wokomoka amamira ngakhale m'madzi olekeza m'mawondo, kaya amadziwa kusambira kapena ayi. Choncho khalani mphindi 10 kapena 15, tulukani mupume, mumwe madzi, kenako mubwereremo ngati mukufuna. Potuluka yambani mwakhala m'mphepete miyendo ili m'madzi, mudikire pang'ono, kenako muimirire mutagwira chitsulo. Mumatuluka thukuta lambiri muli m'madzimo osazindikira, ndiye botolo la madzi akumwa likhale pafupi. Musalowe ndi njala, komanso musalowe mutangokhuta. Mowa umatanulanso mitsempha yomweyo n'kuchititsa tulo, moti ngakhale malo ena amagulitsa mowa m'mphepete mwa dziwe, ine ndimati udikire mpaka mutafika kunyumba. Ngati ndinu woyembekezera, kapena muli ndi vuto la mtima, BP, khunyu kapena shuga, funsani dokotala wa pa yunivesite musanapite. Shuga amatha kuchititsa dzanzi mapazi, munthu n'kupsa osamva. Ngati muli ndi bala losapola, musaliviike.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma ndikudziwa kuti imavutitsa ambiri akafika pakhomo: kuvula. Fufuzani mwambo wa malowo musananyamuke kuti usakakudzidzimutseni. Ku Japan, m'malo ambiri osambira otchedwa onsen amuna ndi akazi amasamba kosiyana, ndipo amalowa osavala kanthu. Munthu amayamba wakhala pakampando n'kusamba ndi sopo, kutsukuluza bwinobwino, kenako n'kulowa m'dziwe. Kathaulo kakang'ono sikakhudza madzi, tsitsi limamangidwa m'mwamba, foni siloledwa, ndipo malo ambiri amabweza anthu okhala ndi matatuu. Ku Iceland m'dziwe mumalowa mutavala zosambira, amuna ndi akazi pamodzi, koma musanalowe muyenera kusamba ndi sopo mutavula zonse m'chipinda cha akazi, ndipo eni dziko salekerera pa lamulo limeneli chifukwa madzi awo sathiramo mankhwala ambiri. Anthu a konko anakula nazo, palibe amene amayang'ana mnzake. Komabe ngati chikumbumtima chanu kapena chipembedzo chanu sichikulolani, musadzikakamize pofuna kusangalatsa gulu. Malo ambiri ali ndi tizipinda totchinga tosambiramo, ena amabwereketsa bafa la munthu payekha, ndipo m'matauni a akasupe ku Japan mumapezeka timaiwe toviikamo mapazi okha munthu ali chivalire. Kukhala pamphepete mapazi ali m'madzi ofunda, mukuyang'ana phiri, ndi ulendo ndithu.

Vulani ndolo, mphete ndi mikanda ya siliva musanalowe, chifukwa sulufule amaidetsa bii. Tsitsi lisamalireni, makamaka ngati munaluka kapena muli ndi mameshi. Ku Blue Lagoon, dziwe lotchuka la ku Iceland limene madzi ake amachokera pamalo opangira magetsi a Svartsengi, madzi ali ndi silika wambiri, chinthu choyera chochokera m'miyala, amene amaumitsa tsitsi gwa kwa masiku angapo. Limangeni pamwamba pamutu. Mukatuluka khungu limauma n'kutuwa, ndiye mafuta odzola musawaiwale. M'chikwama mukhalenso thaulo, jekete losalowa madzi la kumathithi, masokosi ndi zovala zouma zosinthira, ndi jumbo yoikamo zonyowa. Pasipoti ndi foni zikhale m'kajumbo kotseka kukamwa. Kudziko lozizira musatuluke panja tsitsi lili lonyowa thupi likadali lotentha, valani chipewa.

Pobwerera aliyense adzagona m'galimoto, ndipo woyendetsa nayenso waviikidwa m'madzi omwewo. Ngati mukudziyendetsa nokha, panganani m'mawa kuti woyendetsa madzulo asakhalitse m'dziwe, asalawe mowa, apume asanagwire chiwongolero, ndipo mmodzi akhale kutsogolo ali maso kumamuyankhulitsa. Msewu wa m'mapiri usiku, mwina kudziko limene galimoto zimayenda mbali imene iye sanaizolowere, si woyendetsa munthu akusinza. Uzaninso wina wotsala kumene mukugona kuti mwapita kuti ndipo mubwera nthawi yanji, poti m'zigwa netiweki imasowa.

Mukabwerako muzidzimvetsera m'thupi kwa mwezi umodzi. Mutu ukayamba kupweteka kwambiri, thupi kutentha, kusanza kapena khosi kuuma m'masabata awiri oyamba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti kuche. Kumayiko otentha kulinso matenda a leptospirosis, ochokera mumkodzo wa makoswe ndi nyama zina umene umakokolokera m'mitsinje mvula ikagwa. Amalowera m'mabala, m'maso ndi m'kamwa, ndipo amayamba ngati chimfine chachikulu, akatumba a m'miyendo akuphwanya, pakati pa masiku awiri ndi masabata anayi. Amachizika ndi mankhwala akapezeka msanga. Dokotala sangalote kumene munali, choncho musadikire kuti akufunseni. Muuzeni nokha kuti munalowa m'madzi a mumtsinje kapena a m'kasupe wotentha, mutchule malo ake ndi tsiku lake.